Kalongonda wa Nkhumba za Akamwini

Natanael adali atakhala pa chikamwini zaka zisanu ndi chimodzi m'mudzi wina kufupi ndi Domwe, koma nkhope ya apongozi ake adali asadaiyang'anepo bwinobwino. Nyumba yawo idali pomwepo, mapazi makumi atatu kuchokera pakhola lake la nkhumba. Koma mwambo ndi mwambo. Akakumana panjira, mayi Inácia ankapatukira kutchire, iyenso n'kupatukira mbali inayo, moni n'kupatsana atafulatirana. Mawu onse ankadzera mwa Celina, mkazi wake. Apongozi akafuna nkhwangwa ankauza mwana wawo, mkamwini akafuna kudziwa malire a dimba ankafunsa mkazi wake, zinthu n'kumayenda.

Natanael ankausunga mwambowo kuposa eni ake, chifukwa adalibe kolowera. Adabadwira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya, cha ku Dedza. Makolo ake adamwalira atangobwerera kumudzi, munda wawo n'kulima ena. Kwa mkazi wakeko ndiko kudali kwawo. Komatu mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. A Rosário, alongo awo a mayi Inácia, amene adali eni mbumba, adapirikitsapo kale mkamwini wina chifukwa choyankha mokweza pamlandu wa mbuzi. Munthuyo adachoka ndi khasu ndi bulangete basi. Natanael adaziona ndi maso ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankayenda monyang'ama pamudzipo.

Chimene chinkamupatsako ulemu zidali nkhumba zake zinayi. Koma nkhumba sinenepa ndi gaga yekha. Soya adakwera mtengo, ogula a masikelo ankamukokolola yense m'misika n'kupita naye kwa oweta nkhuku akuluakulu. Fumbi la usipa lochokera ku Kalomwe nalonso lidasanduka la anthu olemera. Ndiye tekiniku wa zaulimi atabwera ndi mbewu ya kalongonda, Natanael adali woyamba kutambasula manja.

"Ameneyu safuna feteleza," adatero tekinikuyo. "Amakonza nthaka, nkhumba nazo n'kunenepa. Chachikulu muziwiritsa mokwanira, madzi kutsanula kasanu."

Amayi a m'mudzimo adaseka mpaka kugwirana mapewa. Kuphunzitsa anthu a ku Domwe kuphika kalongonda! Anthu amene adapulumukira momwemo zaka za njala! Ngakhale mwana ankadziwa kuti kalongonda wosapsa amazunguza mutu, munthu n'kuyamba kulankhula ndi mitengo. Enawo mbewuyo adakaisiya pa alumali. Natanael yekha ndiye adadzala, m'mizere ya chimanga, ndipo adakolola matumba atatu.

Ntchito yake idali yowawa. Ankanyika nyembazo dzulo lake, m'mamawa n'kuziteleka mu theka la mgolo, kusonkhezera ndi zitsononkho ndi nthambi za bulugamu. Madzi akada bii ankatsanula, kuthira ena, kusonkhezanso, mpaka kasanu. Dzuwa likafika pamutu ankaphula mgolowo, kuuika pansi pa mpichesi kuti uzizire, kuvundikira ndi lichero lakale, iye n'kupita kudimba la kachewere. Pobwera madzulo ankasakaniza ndi gaga n'kuthirira nkhumba. Ndipo zidanenepadi, misana kuchita kunyezimira. A Rosário adaima pakholapo tsiku lina n'kunena kuti, "Akamwini awa ali ndi manja." Mawu amenewo Natanael adawanyamula mumtima sabata yonse.

Mvula ili pakati, chimanga chikuyamba kumasula, Celina adanyamuka kupita kuchidikiro ku Ulongwe. Mimba ziwiri zidali zitapita padera, ndiye anamwino adati ulendo uno akadikirire pafupi ndi chipatala. Womuperekeza adali mng'ono wake Zita, poti mayi Inácia mwendo unkawavuta. Mayiwo adawamangira thumba la ufa woyera, lodzadza mpaka pakamwa, Natanael n'kulikweza yekha panjinga.

"Muziwaona amayi," adatero Celina potsanzika.

"Ndiziwaona."

Koma munthu woti suyenera kumuyang'ana ungamuone bwanji? Natanael ankaona utsi patsindwi, n'kuona nkhokwe yawo ili chiimire ndi denga lake, n'kumati zonse zili bwino. Mayi Inácia ankadziwika dera lonselo kuti nkhokwe yawo siiona pansi. Maliro akagwa pamudzi, lichero loyamba la chimanga linkachokera kwa iwo.

Masabata awiri oyamba, akamachokera kudimba, ankapeza mbale ziwiri zovundikira zili pakhonde pake. Ankadya, kutsuka, n'kuzisiya pomwepo, mawa lake n'kupeza zadzadzanso. Kenaka tsiku lina adapeza khonde lili mbee. Mawa lake chimodzimodzi. Munthu wanzeru akadafunsa kudzera mwa wina. Natanael adakwiya. Adati basi, fungo la nkhumba lawanyansa, aona kuti mwana wawo kulibe ndiye aonetsa mtima wawo weniweni. Adayamba kudziphikira yekha, zambirimbiri dala, kuti utsi wake nawo uoneke. Ufa adali nawo wokwanira, lata zisanu ndi ziwiri, ndowa zodzadza, zili m'chipinda.

Masiku omwewo ndi pamene mgolo udayamba kuperewera. Poyamba adaganizira galu. Koma galu sabwezeretsa lichero. Pakati pa kalongondayo pankakhala kadzenje kosalala, kooneka kuti munthu watapa ndi kapu, tsiku ndi tsiku, kadzenje kamodzimodzi.

Natanael sadavutike kufuna wakuba. Inosenti, msuweni wa Celina, ankadutsa pamenepo masana aliwonse popita kumene amatcheza kachasu, ndipo kalongonda wothira mchere amatsitsa bwino kachasu. Koma mkamwini angaloze chala mwana wa eni mudzi popanda umboni? Mlanduwo ukadamutembenukira yekha. Adalingalira masiku atatu, mtima ukuwira nthawi iliyonse akamatsanula madzi otentha aja, utsi uli m'maso, thukuta lili kamukamu, n'kumakumbuka kuti akuphikira chidakwa. Tsiku lachinayi adapeza nzeru, ndipo adadzitama nayo.

Lidali tsiku la msika, amuna ambiri atapita kukagulitsa kachewere. Nyembazo adali atazinyika masiku awiri kuti zifewe msanga. Adawiritsa kamodzi kokha, n'kutsanula, n'kutsukuluza ndi madzi ozizira mpaka zidaoneka zoyera ngati za masiku onse. Adaika mgolo pansi pa mpichesi, lichero pamwamba. Nkhumba adazipatsiratu gaga ndi masamba. Adawaona mayi Inácia m'mawa umenewo akutsimphina ndi ndodo kupita ku mapemphero a mphakati, ndipo adangoti zakhala bwino, palibe amene aone zimene akuchita. Chizungulire cha tsiku limodzi sichipha mwamuna, adadziuza choncho. Wakubayo adziulula yekha pabwalo, mudzi wonse ukuona. Kudimba adapita akuimba mluzu.

Dzuwa litapendeka adamva mfuu. Adali Lurdes, mkazi wa nyumba yoyandikana nayo.

"Alamu! Alamu inu! Thamangani kuno!"

Natanael adaponya khasu. Pokwera chitunda ankadziletsa kuseka, akukonzeratu nkhope yachisoni yoti akaonetse. Atatulukira kuseri kwa khola, munthu woyamba kumuona adali Inosenti. Adali chiimire, wowongoka bwinobwino, maso ali gwa, manja ali kumutu.

Pansi, pafumbi, padali mayi Inácia.

Natanael adangoima pomwepo. Mayiwo ankakwawa, kuyesa kudzuka, kugwanso. Duku lidali litagwa, imvi zili poyera. Adali atasanza mpaka chitenje chonse. Manja ankangogwedezeka okha, pakamwa pakutuluka mawu osatha, akuitana amuna awo amene adamwalira kalekale.

"Bambo a Celina, tsekani chitseko! Asilikali afika pamtsinje. Tengani mwana, ine nditenga mphika!"

"Ndawapeza akukumbatira mtondo, akuti ndi mwana," adatero Lurdes akulira. "Izi si zabwino izi, wina wawalodza. Alamu, musangoima! Lowani mutenge bulangete tiwafunditse, ine ndawagwira."

Kulowa m'nyumba ya apongozi. Zaka zisanu ndi chimodzi sadapondepo ngakhale pakhonde. Adawerama n'kulowa, maso osaona kanthu poyamba chifukwa cha mdima. Kenaka adaona mbale ili pamphasa, imodzi mwa zija zinkabwera pakhonde pake. M'mbalemo mudali nyemba zisanu kapena zisanu ndi imodzi zotsala, zikuluzikulu, ndi kamchere pambali. Pafupi pake padali kapu yachitsulo.

Natanael adagwira khoma. Adayang'ana uku ndi uku ngati pali chinthu china choti chimutsutse. Dengu la ufa lidali lovundikira pansi, kangaude atamanga kale. Pamafuwa padali kamphika ka madzi okha. Utsi umene iye ankauona tsiku ndi tsiku udali wa madzi amenewo.

Adatuluka ndi bulangete, kumupatsa Lurdes, koma m'malo moima adapita kunkhokwe ngati woitanidwa. Adakwera pamwala, kukweza denga, kupisa mkono. Chimanga chidalimo, chodzadza mpaka theka. Adatenga chimodzi, kuchifinya, ndipo chidaphwanyikira m'manja mwake. Fumbi lokhalokha. Adatenga china, china, mpaka pansi. Nankafumbwe adali atamaliza kalekale, kusiya makoko okha ataima mwaulemu. Apo m'pamene adazindikira kuti thumba lija adakweza panjinga lidali ufa wawo wotsiriza, ndipo kotsalako n'kumene iye adadya masabata awiri aja, n'kumatsuka mbale mokhutira.

"Mayo ine," adatero, osadziwa kuti walankhula mokweza.

"Tiitane a sing'anga a kuseri kwa phiri," Lurdes ankauza amayi ena atatu amene adali atafika. "Munthu wabwinobwino m'mawa, wapemphera nafe, masana n'kupenga?"

"Si za anthu ayi," adatero Natanael. "Ndi kalongonda. Adya wosapsa. Tipite nawo kuchipatala."

Onse adatembenuka.

"Mwadziwa bwanji, alamu?"

"Ndaona mbale m'nyumbamo."

"A Inácia kudya kalongonda wosapsa? Iwowa?"

Inosenti, munthu uja adamutchera msampha, ndiye adayamba kuthamanga. "Ndikaitane wa njinga yamoto kumsewu! Inu alamu bwerani nawo, njira ino mota siingalowe ndi matopewa."

Amuna ena padalibe. Amayiwo adayesa kuwanyamula awiriawiri, koma odwalawo ankaphiriphitha n'kuwapulumuka. Natanael adagwada, kufulatira, n'kunena kuti, "Ndiberekeni." Mayi wina adagwira pakamwa. Lurdes adazengereza pang'ono, kenaka adawakweza pamsana pake n'kumanga ndi chitenje.

Adaimirira mwamphamvu poyembekezera kulemera, mpaka adatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Mudalibe munthu m'chitenjemo. Thumba la gaga limene ankanyamula tsiku lililonse lidali lolemera kuposa apongozi ake. Nthiti zawo ankazimva pamsana pake imodziimodzi. Adayamba kuthamanga, matope akuthovukira m'mbali, amayi aja akutsalira m'mbuyo.

Pakati panjira odwalawo adasiya za asilikali. Adatsamiritsa chibwano paphewa pake, n'kuyamba kunong'ona m'khutu mwake, akuyesa kuti ndi amuna awo.

"Bambo a Celina, musawauze akamwini. Ndimangotapa kakapu kamodzi. Nkhumba sizingadziwe. Amaphika bwino mwana uja, amatsanula kasanu, ndimawerenga ndili pakhonde. Musawauze, manyazi."

Natanael adalira akuthamanga, kulira kokhala ndi mawu, kosabisa. Anthu amene adakumana nawo panjira adangopatuka n'kuima kukamwa kuli yasa, poona mkamwini atabereka apongozi ake.

Pachipatala chaching'ono cha m'deralo namwino sadachedwe. Atamva za kalongonda adawagoneka, kuwabaya, kuwaika soro, madzi a m'botolo olowera mumtsempha. Adatsina khungu la pamkono wawo, khungulo n'kukhala chiimire osabwerera.

"Wachinyamata akadangosanza n'kugona," adatero namwinoyo. "Koma awa m'thupi mulibe kanthu. Akhala masiku angati osadya nsima mayiwa?"

Adafunsa akuyang'ana Natanael. Iye adayang'ana pansi.

"Mumakhala nawo kutali?"

"Pafupi."

"Tiona mmene kuchere. Sindikulonjezani kanthu."

Kudacha ali moyo. Manja adali atasiya kugwedezeka, maso atabwerera m'malo mwake. Lurdes adawamwetsa phala pang'ono n'kutuluka kukachapa chitenje. Natanael adali atakhala pansi pakhomo la chipindacho, kunja, msana kukhoma, pamene adaona a Rosário akutsika panjinga. Adavula chipewa, kumudutsa osamupatsa moni, n'kulowa. Patapita kanthawi adaitana.

"Akamwini, lowani."

Adalowa n'kugwada pafupi ndi chitseko, nkhope atalozetsa kukhoma. Mayi Inácia nawo adali atatembenukira kukhoma linalo, bulangete mpaka m'khutu.

"Ine ndafunsa pamudzi," adatero a Rosário, mawu ali pansipansi. "Nkhokwe ndaiona, ndipo mlandu umenewo ndi wa tonse, ine ndemwe. Koma kalongonda m'mudzi muja ali ndi munthu mmodzi. Ndikufuna ndimve kuti wosapsayu adafika bwanji m'mbale ya mlongo wanga. Adaphika ndani?"

Natanael adaona zonse zitatha. Khola, dimba, mwana amene adali asadabadwe. Adatsegula pakamwa kuti anene, poti bodza lidali litamuthera.

"Ndidaphika ndekha."

Mawuwo adachokera m'bulangete, ofooka koma omveka.

"Mwati bwanji, mlongo?"

"Ndidapempha wouma kwa Celina asadapite. Dzulo ndidachedwa ku mphakati, nkhuni zidanyowa, njala idandipweteka. Ndidaphula msanga."

"Inu? Amene mudaphunzitsa mudzi wonse kuphika kalongonda chaka cha njala chija?"

"Ndakalamba, achimwene. Mukufuna ndinene kangati?"

A Rosário adayang'ana mlongo wawo, kuyang'ana mkamwini, kupukusa mutu.

"Akamwini," adatero potsiriza, "ndamva kuti mudawabereka kuchokera kumudzi mpaka kumsewu. Mwambo mudaswa, koma mukadapanda kutero bwenzi lero tikukumba manda. Nkhani imeneyo ithere pompano." Adavala chipewa. "Ndikaone ngati pagolosale apo pali shuga."

Adatuluka. Natanael adafuna kudzuka kuti awatsatire, poti sikoyenera kutsala awiri m'chipinda ndi apongozi. Asadaimirire adamva bedi likulira. Mayi Inácia adali akutembenuka, pang'onopang'ono, kusamala mkono wa soro. Adatsitsa bulangete n'kumuyang'ana.

"Akamwini."

Kadali koyamba kumuitana iye mwini, popanda wodutsamo, ali bwinobwino.

"Wawa, amayi."

"Tembenukani. Mudandibereka kale, chotsala n'chiyani?"

Adatembenuka ali chigwadire. Nkhope ija adaiona tsopano, yaing'ono, masaya olowa, maso ofanana ndi a Celina. Mudalibe ukali m'masomo, ndipo zimenezo zidamuopsa koposa.

"Dzulo mudatsanula kangati?"

"Kamodzi."

"Nkhuni zidakutherani?"

Khomo lothawira lidali lotsegula, iwo eni adali atamutsegulira. Akadangoti inde.

"Iyayi, amayi. Nkhuni zidalipo."

"Mudachitira dala."

"Dala."

Mayiwo adatseka maso, kupuma kawiri katatu, n'kutsegulanso.

"Mumafuna chiyani?"

"Ndimafuna kugwira wakuba." "Sindimadziwa, amayi. Ndikadadziwa, ufa uli m'nyumba, lata zisanu ndi ziwiri. Ndimayesa Inosenti. Ndimayesa mbale zija mudasiya chifukwa chondinyoza. Ndikhululukireni, ine sindimadziwa."

Adadikira kuti amutukwane, kapena alire, kapena aitane alongo awo abwerere. Mayi Inácia adangomuyang'ana, misozi iwiri ikutsikira m'khutu. Kenaka adakoka bulangete ndi dzanja lopanda soro lija n'kutembenukiranso kukhoma.

"Ndiye mwam'gwiratu," adatero. "Pitani, nkhumba zanu sizidadye."